Mmene Mungasankhire EQ ndi Kompulesa pa Situdiyo ya M'nyumba

Masiku ano kwaya ya ku Mua kapena mnyamata woimba wa pa Golomoti sachita kukwera basi ya ku Lilongwe kuti akajambulitse nyimbo. Laputopu, maiki imodzi, mahedifoni ndi chipinda chogona, situdiyo yakwana. Mavuto amayamba pomiksa: mawu a woimba amira, bezi yaphimba zonse, maseche akulasa m'makutu. Apa ambiri amathamangira kukasaka mapulagini a mayina akuluakulu. Musanathe bandulo, dziwani kayesedwe koyenera, chifukwa nthawi zambiri chida chomwe mukufuna chili kale m'kompyuta yanu.

Dziwani ntchito ya chida chilichonse

EQ imachepetsa kapena kuwonjezera mbali ina ya kamvekedwe: kunsi komwe kumakhala bezi ndi ng'oma yaikulu, pakati pomwe pali mawu a munthu, ndi kumwamba komwe kuli maseche. Kompulesa imagwira mawu akakwera kwambiri kuti asasiyane kutali ndi ofooka. Woimba akamanong'ona pa vesi n'kukuwa pa kolasi, ntchito ndi ya kompulesa. Akamamveka ngati akuimbira mu mgolo, ntchito ndi ya EQ.

Yambani ndi chipinda

Palibe pulagini yochotsa bwinobwino mkokomo wa chipinda cha njerwa, simenti pansi ndi malata opanda siling'i. Imikani matiresi kukhoma kumbuyo kwa woimba, pachikani mabulangete, pansi yalani mphasa. Kuno kuchigwa kumatentha, komabe zimitsani fani pojambula. Jambulani usiku kapena m'mamawa, magalimoto a mumsewu wa M5 atachepa ndiponso malata asanayambe kuthetheka ndi dzuwa. Woimba atalikire maiki ndi masentimita 15 mpaka 20.

Ma EQ oti muyerekeze

Fruity Parametric EQ 2 imabwera ndi FL Studio, ili ndi mabandi 7, ndipo siilemetsa kompyuta. ReaEQ imabwera ndi Reaper, komanso imapezeka mwaulere m'gulu la ReaPlugs pa Windows. TDR Nova ndi yaulere ndipo ili ndi luso lina: ikhoza kuchepetsa malo amodzi pokhapokha pamene aphokosera, monga woimba akatchula "s" kapena "ts". FabFilter Pro-Q ndi yogula. Ubwino wake waukulu ndi woti imaonetsa bwino zomwe mukuchita ndipo ntchito imafulumira.

Mukaika manambala ofanana pa ma EQ amenewa, kamvekedwe kamasiyana pang'ono kwambiri. Choncho sankhani yomwe dzanja lanu laizolowera. Pa mawu a woimba, dulani zonse za pansi pa 80 mpaka 100 Hz. Ngati mawu ali mbuu, chepetsani ndi 2 kapena 3 dB pakati pa 200 ndi 400 Hz. Ngati akulasa, fufuzani pakati pa 2 ndi 5 kHz. Yambani ndi kuchotsa choipa, kuwonjezera kubwere pambuyo.

Makompulesa oti muyerekeze

Kuno ndiye kusiyana kumamveka. Fruity Limiter, mbali yake ya COMP, ndi ReaComp zimagwira mawu osawasintha mtundu, ndipo zimakuphunzitsani poti chilichonse mumachuna nokha. TDR Kotelnikov, yaulere, ndi yofatsa ndipo imayenera nyimbo yonse kapena kwaya yojambulidwa pamodzi. Klanghelm DC1A, yaulerenso, ili ndi zopotokola ziwiri zokha ndipo imanenepetsa mawu. Waves CLA-76 ndi CLA-2A ndi zogula, ndipo zimatsanzira makina akale a ku America a m'ma 1960: 1176, yogwira mwaliwiro, yoyenera rapu ndi ng'oma, ndi LA-2A, yogwira modekha, yoyenera woimba wokoka mawu.

Poyambira pa mawu a munthu mmodzi ndi apa: ratio 3:1 kapena 4:1, kenako tsitsani threshold mpaka mita ionetse kuti pakuchoka 3 mpaka 6 dB pamalo okwera. Pa ng'oma, attack ikhale pakati pa 10 ndi 30 ms kuti kumenya kwa dzanja kudutse kompulesa isanagwire. Mukaifulumizitsa kwambiri, ng'oma imafa mphamvu. Kwaya musaipanikize: ratio 2:1, ndipo pachoke 1 kapena 2 dB basi. Kukoma kwa kwaya kuli pa kutsika ndi kukwera pamodzi, ndiye mukakusalaza mwachotsa chomwe anthu anakonzekera miyezi.

Kayesedwe kake

1. Sankhani kachigawo ka masekondi 15 ka nyimbo yanu, pomwe pali mawu otsika ndi okwera, ndipo kazibwerezabwereza. Musadalire zomwe mwamva pa YouTube, poti zinajambulidwa m'chipinda china ndi maiki ina.
2. Ikani mapulagini awiri okha pa tchanelo chimodzi, kuyatsa imodzi imodzi.
3. Achuneni mofanana. Ngati kompulesa yoyamba ikuchotsa 4 dB, yachiwiri ichotsenso 4 dB.
4. Linganizani voliyumu yotuluka. Ili ndiye phata la zonse. Khutu limanyengeka: chokwera pang'ono chimamveka ngati chokoma. Youlean Loudness Meter, yomwe ili ndi mtundu waulere, ikuthandizani kuona ngati zafanana.
5. Itanani mchemwali kapena mphwanu azisintha inu mutatembenukira kukhoma. Mukalephera kusiyanitsa, tengani yopepuka pa kompyuta.
6. Mverani mawuwo pamodzi ndi zida zonse. Mawu okoma paokha akhoza kusowa gitala ndi kiyibodi zikalowa.
7. Pumulani pakatha theka la ola. Khutu lotopa limafuna zokwera ndi zowala, mawa mudzadandaula.

Kamvereni komwe anthu adzamvere

Nyimbo yanu idzayenda pa WhatsApp, pa memori khadi, pa sipika ya Bluetooth pa msika, mu minibasi yopita ku Salima kapena Balaka, mwinanso pa Radio Maria kapena Dzimwe. Ikani mu foni mitundu iwiri ya nyimboyo, umodzi pa pulagini iliyonse yomwe mukuyesa, imvereni pa sipika ya foniyo, kenako pa sipika yaikulu ya kutchalitchi. Foni siitulutsa bezi yakuya. Ngati bezi yasoweratu, onjezerani pang'ono pakati pa 700 Hz ndi 1 kHz pa bezi yomweyo m'malo mokweza kunsi. Yesaninso pa mono, poti masipika ambiri ang'onoang'ono amaphatikiza mbali zonse ziwiri.

Samalani kompyuta ndi thumba

Laputopu ikatentha imachedwa, mawu n'kumadukaduka. Iikeni pamalo podutsa mphepo, osati pa bedi, ndipo onani mita ya CPU pamene mukuyerekeza: pulagini yokoma koma yolemera siingakuthandizeni pa matchanelo 20. Malo opangira magetsi a dzuwa a 20 MW a pa Golomoti, omwe anayamba ntchito mu 2022, amatumiza magetsi ake ku mawaya a dziko lonse, choncho kunyumba kwanu akhoza kuthima ngati kwina kulikonse. Sungani ntchito pafupipafupi, ndipo kope lina likhale pa fulashi.

Pewani mapulagini obedwa omwe anthu amapatsirana. Ena amabwera ndi mavairasi, ena amatseka pulogalamu muli pakati pa ntchito ya kwaya yomwe yalipira kale. Ngati mtima uli pa yogula, FabFilter imalola kuyesa kwa masiku 30. Iyeseni mwa njira ya pamwambayi musanatulutse ndalama.

Mukamaliza, tsalani ndi EQ imodzi ndi makompulesa awiri, ina yosasintha mtundu wa mawu ndi ina yonenepetsa, ndipo miksirani nyimbo zanu zotsatira ndi zimenezi zokha mpaka mutazidziwa. Ndalama yomwe ikanapita ku pulagini mugulire maiki yabwinoko kapena mahedifoni otseka makutu.