Phunziro: Akati "tichotse kanyama tikayeze"



Ambiri tikamva mawu oti bayopsi timangoti basi, ndi khansa. Ayi ndithu. Bayopsi ndi kutenga kachidutswa kakang'ono ka mnofu pamalo podwala, kaya ndi mwanabele wa m'khosi yemwe sakuphwa, chotupa cha m'bere kapena chilonda cha pa khomo la chiberekero, kuti akakaone pa maikulosikopu. Mwanabele akhoza kutupa chifukwa cha TB, cha khansa yotchedwa lymphoma, kapena matenda wamba. Kunja zimaoneka zofanana koma mankhwala ake ndi osiyana, n'chifukwa chake dokotala safuna kulotera.

Kwa ife a ku Thuchila ulendo umayambira pa health centre, kenako Mulanje District Hospital kapena Mulanje Mission, ndipo zikafunika amakutumiza ku Queens ku Blantyre. Amabaya kaye mankhwala a dzanzi, n'kutenga kanyamako ndi singano kapena kucheka pang'ono. Amakaika m'botolo la formalin kuti kasawonongeke, n'kukatumiza ku labu. Madokotala oyeza minofu ndi ochepa m'dziko muno, choncho zotsatira zimatha kutenga masabata. Nthawi zina kanyamako kamachepa, yankho osamveka bwino, ndiye amati tibwereze. Kubwereza sikutanthauza kuti matenda akula.

Pali mphekesera yoti chotupa akachicheka chimafalikira thupi lonse. Izi zimachitika mwa apo ndi apo kwambiri. Chomwe chimapha ambiri ndi kuchedwa. Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo amayi ambiri amafika kuchipatala matenda atapita kale patali.

Nanga tawakkul? Mtumiki (SAW) adatiphunzitsa kufunafuna mankhwala, ndipo munthu wa ngamira uja adamuuza kuti aimange kaye kenako ayedzamire kwa Allah. Kupita kukayezetsa ndi kumanga ngamirako. Mneneri Ayyub (AS) adapirira matenda, komabe adadandaulira Mbuye wake. Choncho kuchita mantha kapena kulira podikira zotsatira si kuchepa kwa imaan.

Funso lina limabwera pa Ramadhan: kodi bayopsi imamasula kusala? Bungwe la International Islamic Fiqh Academy, pa msonkhano wake wa ku Jeddah mu 1997, lidagamula kuti siimasula ngati sadakuikeni madzi a m'thupi. Ndipo wodwala ali ndi chilolezo chomasula n'kudzabweza masikuwo. Musasinthe tsiku lomwe achipatala akupatsani chifukwa choopa kuwononga swaum.

Zoyenera kuchita ndi izi. Sungani bwino buku lanu la kuchipatala. Musanachoke funsani kuti zotsatira mudzazitenga liti komanso kuti, ndipo siyani nambala ya foni yomwe imagwira. Tsiku likadutsa muli zii, bwererani mukafunse. Mlongo ali ndi ufulu wopempha kuti mayi mnzake akhale naye m'chipinda choyezera. Pabala pakayamba kutuluka mafinya kapena thupi likatentha, thamangirani kuchipatala.

Ife achinyamata, thiransipoti ya ku Blantyre ndi imene imabweza ambiri m'mbuyo. Ikatha Jumu'a tikhoza kusonkha kangachepe, wina n'kuperekeza mayi athu kapena mnzathu. Koma matenda a munthu ndi amaanah, tisawaponye pa gulu la WhatsApp mwini wake asanalole.

Allah awachize odwala athu onse. Ameen.