Kuphunzitsa za Maulendo a pa Nyanja ya Malawi

Pophunzitsa mutu umenewu musathamangire kulemba matanthauzo pabolodi. Tulukani nawo anawo, mujambule nyanja pamchenga, ndipo muike miyala iwiri kufupi ndi gombe la Mozambique. Imeneyi ndiyo Likoma ndi Chizumulu, zilumba za Malawi zozingidwa ndi madzi a dziko la eni.

Tsono afunseni kuti thumba la chimanga lochokera ku Nkhata Bay lingafike bwanji kumeneko. Ambiri adzatchula Ilala, sitima imene idayamba kuyenda m'chaka cha 1951. Otchula ndege musawatsutse, pakuti ku Likoma bwalo lilipo, koma aganizire amene angathe kulipira. Kenaka akambirane m'magulu: sitimayo ikawonongeka, kapena mwera ukakula, wodwala wotumizidwa ku Mzuzu angathandizidwe bwanji?