Kachirombo Kamtengo ndi Mavu Amacheka: Phunziro la Kakulidwe ka Tizirombo

Aphunzitsi ambiri akamaphunzitsa za kakulidwe ka tizirombo amangojambula gulugufe pabolodi, ndipo ana amatuluka m'kalasi akuganiza kuti kachirombo kalikonse kamayamba kakhala mphutsi. Maganizo ameneŵa tingawawongole poyerekeza tizirombo tiŵiri timene Angerezi amatitcha stick insect ndi sawfly. M'phunziro lino tititchula kuti kachirombo kamtengo ndi mavu amacheka.

Kachirombo kamtengo kamafanana ndi kanthambi kouma. Usana kamangoti duu, nthaŵi zina nkumagwedezeka ngati kakuwombedwa ndi mphepo. Masamba kamadya usiku. Mwana wake akaswa dzira amakhala kale ndi maonekedwe a make, kungoti ngwamng'ono. Amakula mwa kufundula khungu kangapo, osaloŵa m'chikwa.

Mavu amacheka ndi abale a njuchi ndi nyerere, koma alibe chiuno choning'a ndiponso saluma. Aakazi ali ndi kachiwalo konga macheka kamene amachekera tsamba poikiramo mazira. M'dziramo mumatuluka mphutsi yosafanana konse ndi make. Mtundu wotchedwa Athalia umaononga kabichi ndi mpiru m'madimba: mphutsi zake zakuda zimadya tsamba mpaka kutsala mitsempha yokha, kenaka zimaloŵa m'nthaka ndi kudzikulunga m'chikwa.

Apa ndi pamene mphunzitsi ayenera kudekha. Ana akaona mphutsiyi adzanena kuti ndi ya gulugufe. Musafulumire kuwatsutsa. Apatseni galasi lokulitsira zinthu, ndipo muwauze kuti asiye miyendo isanu ndi umodzi ya kufupi ndi mutu, aŵerenge timiyendo tanofunofu ta kumimba. Mphutsi ya gulugufe siposa timiyendo 10, pamene ya mavu amacheka imakhala nato 12 kapena kuposerapo. Mwana amene waŵerenga yekha saiŵala msanga. Kusiyanitsaku nkofunikanso kudimba, pakuti mankhwala a Bt amene amapha mphutsi za agulugufe sagwira ntchito pa mphutsi zimenezi.

Pokonzekera, tengani mabotolo aŵiri otsekedwa ndi kansalu. Mu botolo la mphutsi thirani dothi pansi. M'linalo ikani kachirombo kamtengo pamodzi ndi nthambi ya chomera chimene mwakapezapo, popeza kamakana masamba achilendo. Pogwira kachiromboka ana asamale, chifukwa kamadula mwendo wake kakafinyidwa. Sinthani masamba tsiku ndi tsiku, ndipo ana azilemba m'makope mwawo tsiku limene apeza khungu lofundulidwa ndi tsiku limene mphutsi yaloŵa m'dothi.