Chithunzi cha pa Tisheti Chikung'aluka

Funso: Ndinagula tisheti yakale pa kaunjika, koma chithunzi cha pachifuwa chayamba kung'aluka. Nditani kuti chisatheretu?
Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Zithunzi zoterezi zinatchuka kwambiri ku America m'zaka za m'ma 1970. Ankazisindikiza papepala ndi utoto wa pulasitiki wotchedwa plastisol, kenako n'kuzimata pansalu ndi simbi kapena makina otentha. Utotowo sulowa m'nsalu, umangokhala pamwamba. Ukakhalitsa umauma n'kuyamba kusweka.

Chitani izi:
- Itembenuzeni musanayichape.
- Chapani ndi madzi ozizira, osatikita kapena kufinya.
- Yanikani pamthunzi.
- Musadutsitse simbi pachithunzipo.

Chikayamba kumatuka m'mbali, pitani nayo kwa osindikiza malaya, akayese kuchimatanso ndi makina awo. Koma ming'alu yomwe ilipo kale siingatsekeke.