Musanadule Bango Lija, Imvani za ku Seattle

Kodi nsomba imene munadyera nsima dzulo inakulira pati? Pamene inali isanakwane n'komwe kutalika kwa chala, inkabisala pati, inkadya chiyani? Ngati simunaganizepo, mukuyenda m'njira yomwe anayendamo anthu a ku Seattle, ku America.

Mzindawu uli m'mbali mwa Puget Sound, chigawo cha nyanja ya mchere ya Pacific chimene chinalowerera kumtunda. Nsomba yotchuka kumeneko ndi salimoni, makamaka yaikulu yotchedwa Chinook. Imaswa m'mitsinje, ana ake n'kutsika ndi madzi. Koma salowa kwakuya tsiku lomwelo. Amayamba akhala milungu ingapo, ena miyezi, pamathiriro a mtsinje pamene madzi abwino amasakanikirana ndi amchere. Pamenepo matupi awo amazolowera mchere, amanenepa ndi tizilombo ta m'matope ndi togwa m'mitengo, ndipo madzi osaya amawatchinjiriza ku nsomba zikuluzikulu.

Mtsinje wa Duwamish unali ndi malo otere ambirimbiri. Mu 1909 anamaliza kukwirira matope a pamathiriro ake n'kupanga chilumba cha Harbor Island. Kuyambira 1913 anauwongola, mtsinje wokhotakhota uja n'kusanduka ngalande yakuya yodutsamo sitima. Mafakitale, kuphatikizapo ya ndege ya Boeing, anandandalika m'mbali mwake. Mwa madambo amene analipo, oposa 95 pa 100 alionse anatha. Mu 1999 boma la America linaika Chinook ya ku Puget Sound pamndandanda wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo, ndipo mu 2001 linaika kumunsi kwa Duwamish m'gulu la malo oipitsidwa kwambiri ndi mankhwala apoizoni.

Mwina mukuti, "Amenewo ndi eni mafakitale, ine zikundikhudza bwanji?" Musafulumire. Mbali ina ya mlanduwu ndi ya anthu wamba ngati inu ndi ine. Munthu wagula malo m'mbali mwa nyanja, waona mafunde akudya gombe lake, ndiye wamanga khoma la simenti kapena waunjika miyala. Woyandikana naye waona mafunde ayamba kukumba kwake, nayenso wamanga. Palibe amene anadzuka m'mawa n'cholinga chopha nsomba. Aliyense ankangoteteza kanyumba kake. Koma lero gombe loposa gawo limodzi mwa magawo anayi a Puget Sound yense lili ndi makoma otere.

Taonani zimene khoma limodzi limachita. Mafunde akamenya simenti amabwerera mwamphamvu n'kukokolola mchenga. Pamene panali posaya pamakhala pakuya, kansomba kaja n'kupezeka pambalambanda pamene pamayenda zoidya. Mitengo ya m'mbali idadulidwa kuti nyanja izioneka bwino munthu ali pakhonde, ndiye tizilombo sitigweranso m'madzi. Udzu wa m'nyanja umene mafunde ankaunjika pamchenga, momwe munkaswana chakudya cha tinsombati, ulibenso potsamira. Ngakhale mthunzi wa doko umavuta: ana a salimoni amazengereza kulowa mumdima, choncho amaima kapena kuzungulira kwakuya kumene kuli adani.

Choopsa kwambiri n'chakuti zonsezi sizionekera msanga. Chinook imatha zaka zingapo m'nyanja isanabwerere kudzaswa. Khoma limamangidwa chaka chino, asodzi n'kumagwirabe nsomba zonona zimene zidakula kale, mwini khoma n'kumati, "Mwaona? Palibe chimene chalakwika." Nawo malo oswetsera nsomba ankathira ana mamiliyoni m'mitsinje, zinthu n'kumaoneka ngati zili bwinobwino pamene nsomba zobadwira m'mitsinje zinkachepa. Ambiri anadzidzimuka mu 2018 ataona namgumi wa mtundu wa orca, wotchedwa Tahlequah, akukankha mwana wake wakufa pamwamba pa madzi kwa masiku 17. Anamgumi a gulu lake amadalira Chinook, ndipo atsala osakwana 80.

Kukonza kwake si kwa ndalama zochepa. Mu 2009 anachita kugumula zipupa zadothi pamathiriro a mtsinje wa Nisqually kuti madzi amchere abwerere m'dambo limene lidasandutsidwa munda. Pomanganso khoma la m'mbali mwa mzinda wa Seattle, anaika magalasi m'njira ya anthu oyenda pansi kuti kuwala kuzifika m'madzi, ana a salimoni azidutsa. Mamiliyoni a madola akupita pofuna kubwezeretsa zimene gombe linkachita lokha kwaulere.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ife salimoni tilibe, koma tili ndi mpasa umene umakwera mtsinje wa Bua kukaswa, komanso kasawala amene amakulira m'madzi osaya, m'bango ndi m'udzu. Ku Malombe chambo chidazilala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makoka atapalasa udzu wapansi pa nyanja ndi kukokolola ana omwe. Zizindikiro zake mukuzidziwa. Asodzi ayamba kupalasa ulendo wautali kuposa kale. Nsomba za pamsika zikucheperachepera msinkhu. Maso a ukonde akunka nachepa mpaka ena akokera neti ya udzudzu. Bango likulambulidwa kuti alendo aone mchenga woyera, malole akutapa mchenga pagombe, mtsinje ukutsika wofiira ndi dothi la m'minda ya m'mphepete.

Nanga inu mwaona ziti kwanuko, ndipo munanenapo chiyani? Ngati muli ndi malo m'mbali mwa madzi, siyani bango ndi mitengo, nyumbayo muimange chapatali. Mukapeza kasawala pamsika, musagule, ngakhale mtengo wake ukome bwanji. Ndipo musadzinamize kuti kamalo kanu n'kakang'ono, chifukwa aliyense amene anamanga khoma ku Puget Sound ankanena zomwezo.