Nthaka ndi Mitengo: Kuyankha Makalata a Omvera

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu. Akuti munda wawo uli pamtsetse, ndipo chigwembe chomwe chinayamba ngati kanjira ka mbuzi, lero munthu akalowamo saoneka. Akufunsa kuti achikwirire ndi chiyani.

Mlangizi: Mayi, musathamangire kukwirira. Dothi lomwe mungathiremo lero, mvula ya Januwale idzalikokolola lonse. Chigwembe chimabadwira kumtunda, komwe madzi amasonkhana n'kuyamba liwiro, ndiye yambirani kumeneko. Alangizi a m'dera lanu akuthandizeni kuyeza akalozera ndi kachipangizo kaja kooneka ngati chilembo A, kuti mizere yanu izipingasa phiri, isamatsetsereke nalo. M'makalozeramo bzalani udzu wa vetiva mothithikana. Mizu yake imalowa pansi kwambiri, komanso udzuwu sulowerera m'munda ngati maudzu ena. Pakati pa mizere pangani ngonyeka kuti madzi aziima n'kulowa m'nthaka. Mukatero ndiye mubwere m'chigwembemo, muikemo timipanda ta miyala, kapena ta zikhomo ndi nthambi, tatifupitifupi koma tambiri, dothi lizitsakamira pamenepo. Chovuta kwenikweni n'chakuti eni munda wakumtunda kwanu akapanda kuchitapo kanthu, mudzatopa pachabe. Kambiranani nawo, zikavuta mupite kwa amfumu. Paja dothi lochoka m'minda yotere limakathera mu Shire, n'kukhala matope ovutitsa makina a magetsi ku Nkula ndi Tedzani.

Muulutsi: Bambo wina wa ku Salima akuti mwana wawo akufuna kudula msangu uli pakati pa munda, ati mthunzi ukupha chimanga.

Mlangizi: Bambo, mulandeni nkhwangwayo! Msangu uli ndi khalidwe lakelake: umayoyola masamba mvula ikamayamba, n'kuphukanso m'chilimwe. Nthawi imene chimanga chikufuna dzuwa, mtengowo umakhala mbulanda, ndipo masamba ogwawo ndi manyowa aulere. Mnyamatayo akaone yekha mwezi wa Febuluwale, ayerekeze chimanga cha pansi pa mtengo ndi cha kumapeto kwa munda.

Muulutsi: Yomaliza ndi ya komiti yoyang'anira nkhalango ya m'mudzi ku Dedza. Akuti chaka ndi chaka amabzala mbande, koma pofika Okotobala zambiri zauma.

Mlangizi: Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, koma amene amadikira mpaka Malichi amakhala atachedwa kale, mizu sigwira. Komabe ine ndinene maganizo anga: timakonda mwambo wobzala, nyimbo ndi zithunzi, pamene zitsa za tsamba ndi masuku zikuphukira zokha m'phirimo. Chitsa chili ndi mizu kale, sichilira kheni. Pa chitsa chilichonse siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo muzidule. Ku Niger alimi anayamba zimenezi m'zaka za m'ma 1980, ndipo mitengo inabwerera pa mahekitala mamiliyoni. Adani a mphukira ndi mbuzi ndi moto wa osaka mbewa. Choncho lambulani njira zotchinga moto udzu usanaumiretu, cha m'ma Meyi, ndipo chindapusa cha wotentha tchire mugwirizane pabwalo, mudzi wonse ukumva.