Zida Zamagetsi Zoyezera Chibadwa cha Mbewu ya Thonje

Alimi a thonje ku Bangula, ku Ngabu ndi ku Nchalo adziŵa kuti njere za thonje zimafanana. Njere ya mbewu ya Bt ndi njere ya thonje wamba zikapakidwa utoto umodzi, palibe angazisiyanitse ndi maso. Kusiyana kwake kumaoneka thonje litayamba maluŵa, mbozi zitaloŵa kale m'munda, nthaŵi yobzalanso itapita. M'phunziro lino tiona m'mene akatswiri amayezera mbewu isanabzalidwe, ndi zimene inu muyenera kuchita kuti kuyezako kukuthandizeni.

Kodi chibadwa chili pati?

M'kati mwa njere iliyonse muli malangizo a m'mene mbewuyo idzakulire. Malangizoŵa amasungidwa pa kachingwe kosaoneka ndi maso kotchedwa DNA. Maonekedwe ake anawafotokoza James Watson ndi Francis Crick m'chaka cha 1953. Kachingweka ndi kopota ndi nsambo ziŵiri, ndipo malangizo ake analembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, T, G ndi C. Lamulo lake ndi ili: A amagwirana ndi T, G amagwirana ndi C. Choncho nsambo imodzi ikakhala payokha, imamatirira kwa inzake yokhayo yogwirizana nayo. Chigawo cha chingwe chimene chimalamula chinthu chimodzi chimatchedwa jini.

Thonje la Bt linalandira majini ochokera ku kachilombo ka m'dothi kotchedwa Bacillus thuringiensis. Mtundu wa Bollgard II uli ndi majini aŵiri otere, ndipo amachititsa thonje kupanga mankhwala akeake opha mbozi zoboola zipatso. Muno m'Malaŵi thonjeli linayamba kuyesedwa ku Bunda m'chaka cha 2013, ndipo alimi analoledwa kulibzala kuyambira mu 2019.

M'mene chida chimagwirira ntchito

Ambiri mwaona kachida koyezera shuga ku chipatala. Dontho la magazi limaikidwa pa kapepala, kapepala kaloŵa m'kachidako, nambala n'kutuluka. Nzeru imeneyi inayamba ndi Leland Clark wa ku America mu 1962. Chida choyezera DNA ndi mphwake wa kachida kameneka, ndipo ntchito yake imayenda motere:

1. Njere kapena tsamba limaperedwa ndi kusakanizidwa ndi mankhwala otulutsa DNA.

2. Popeza DNA yotulukayo imachepa, chigawo chofunikacho amachichulukitsa. Njira yodziŵika ndi PCR, imene anaitulukira Kary Mullis mu 1983. Ina ndi LAMP, yochokera ku Japan mu 2000, imene imangofuna kutentha kosasinthasintha kwa madigiri pafupifupi 65.

3. Pa kapepala ka chidacho pali kachitsulo ka golide kapena ka kaboni. Pamenepo anamatapo tinsambo tatifupi tolembedwa mogwirizana ndi jini imene ikufunidwa. Tinsamboti tili ngati mbedza yokola mtundu umodzi wokha wa nsomba.

4. Dontho la madzi a mbewu aja likagwera pamenepo, jini ija, ngati ilimo, imamatirira ku tinsamboto. Ngati mulibe, zonse zimachoka potsuka.

5. Magetsi ochepa, a batire, amadutsa pa kachitsulo. Pamene pamatirira DNA magetsi sayenda monga poyamba. Chida chimayeza kusinthako. Kusintha kukakula, ndiye kuti jiniyo ilimo yambiri.

Zida zimene zikugwira ntchito

Zida zambiri zamagetsi za mtundu umenewu zikali m'manja mwa ofufuza m'masukulu aukachenjede. Poyeza thonje, njira zimene zafala ndi ziŵiri. Yoyamba ndi kapepala koviika m'madzi a njere yopera, kamene kamaonetsa mizere m'mphindi zoŵerengeka. Kapepalaka sikayeza DNA, kamayeza mankhwala opha mbozi amene jini imapanga. Yachiŵiri ndi PCR ya m'labotale.

Komabe chida china chamagetsi chinafika kale m'minda ya alimi. Dzina lake ndi MinION, ndipo chimakwana m'dzanja. DNA imadutsa pa kauna kakang'ono zedi, ndipo zilembo zake zikamadutsa zimasintha mayendedwe a magetsi, kompyuta n'kumaŵerenga. Mu 2018 akatswiri ku Tanzania, Uganda ndi Kenya anapita nacho m'minda ya chinangwa, nazindikira tizilombo toyambitsa khate la chinangwa tsiku lomwelo, osadikira miyezi kuti yankho lichokere kunja.

Zimene chida sichinena

Chida chimanena za njere zokhazo zimene chapatsidwa. Mukatapa pamwamba pa thumba pokha, za pansi sizidziŵika. Sichinenanso ngati mbewu idzamera. Zimenezo mungayese nokha: ŵerengani njere 100, muzikulunge m'chiguduli chonyowa, ndipo pakatha sabata muŵerenge zimene zamera.

Kumbukiraninso kuti jini ya Bt siipha nsabwe kapena tizilombo tina toyamwa madzi a thonje. Kuyendera munda sabata iliyonse ndi kupopera mankhwala pamene mlangizi wanena sikunathe ayi.

Zoyenera kuchita mlimi

1. Gulani mbewu kwa ogulitsa ovomerezeka, m'thumba losatsekula, ndipo mulandire lisiti.

2. Sungani lisiti pamodzi ndi chikalata cha pa thumba chimene chili ndi nambala ya mbewuyo. Popanda nambala, ngakhale kuyeza kutaonetsa chinyengo, mwini mlandu sapezeka.

3. Pa thumba lililonse tapani njere zodzaza dzanja, pamwamba, pakati ndi pansi. Zisungeni m'pepala louma, mulembepo dzina lanu ndi tsiku. Inu a pa esiteti, onani thumba ndi maso anu polandira mbewu kwa akapitao.

4. Musabzale njere zochokera ku thonje la chaka chatha kapena ku makina ochotsa njere. Mbewu ya haibulidi ikabzalidwa kachiŵiri, ana ake safanana: ena amateteza bwino, ena pang'ono. Mbozi zodya thonje lofooka lotere zimapulumuka, ndipo zidzukulu zake zimapirira ngakhale m'munda wa mnzanu amene anagula mbewu yabwino.

5. Mukaona mbozi zambiri m'munda wa Bt, musachedwe. Uzani mlangizi, mum'patse njere munasunga zija ndi nambala yake kuti azitumize kwa akatswiri a zofufuza.

6. Mukatha kukolola, zulani ndi kutentha mapesi a thonje pa nthaŵi yake.

Kuno ku Chigwa cha Shire mvula ndi yochepa, ndipo mlimi amabzala kamodzi pa chaka. Mbewu yachinyengo ikaloŵa m'nthaka, ngongole ya mankhwala ndi thukuta la banja lonse zapita. Choncho musanagule mbewu chaka chino, kambiranani mfundo zimenezi pa kalabu yanu, ndipo pamene simukumvetsa funsani mlangizi wa dera lanu.